Tchizi cha Ng'ombe za a Shaba

Lolemba, 3 Juni 1957

Mlamu wanga Marjorie walowa sabata yachiwiri m'nyumba muno ndipo za ulendo sakutchula. Anachokera ku Mzimba ndi sutikesi, nkhuku yamoyo ndi chipanda cha chambiko cha ng'ombe za bambo awo. M'buku muno ndizimutcha Bwanamkubwa, chifukwa ngakhale wa ku Zomba uja sindikhulupirira kuti amadzaza mpando ngati mayi ameneyu.

Lero wandichititsa manyazi pamaso pa Rhoda, mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe. Ndimathirira amuna anga a Eston Thole chambiko m'kapu, kadontho n'kugwera pachala, ine n'kunyambita. Basi, mlandu. Anachita kunditsomphola chipanda m'manja. "Yayi mulamu! Mkaka wa kwathu sadya munthu wosalowoledwa. Ng'ombe zako zinapita kwa njani?" Ndinati kwathu ku Dowa salowola, ife anatidalitsa ndi abusa m'tchalitchi. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti ndiye zili bwino, tsiku lobwerera kwanu palibe chobweza.

A Eston anali pomwepo, maso pa nyuzipepala ya sabata yatha.

Zaka zitatu m'banja, mwana palibe. Ndikudziwa kuti nkhani yagona pamenepo, mkakawu ndi poyambira chabe.

Lachitatu, 5 Juni

Kamvula ka ku Mzuzu kosadziwa kusiya. Malaya a ku ofesi osauma, ndachita kuwaumitsa ndi ayironi. Bwanamkubwa akuti ndiwo zanga zimachuluka nsinjiro. Wadya mbale ziwiri.

Lamulungu, 9 Juni

Titaweruka ku tchalitchi Bwanamkubwa anati tonse tipite ku Lupaso tikaone anthu akwawo. Tinayenda wapansi, matope mpaka m'akakolo, nsapato zanga za Lamulungu zatheratu. Mwini mudzi ndi a Yona Shaba, Mngoni wa ku Mzimba konko. Ali ndi khola lalikulu ndipo ndi amene amaperekera mkaka m'nyumba za azungu m'mawa uliwonse. Akazi awo ndi NyaHara, mayi wamfupi wosekaseka.

Ali ndi mwana wamkazi, Rachael. Wamtali, mano oyera, ndipo pogwada amagwada ngati mawondo alibe mafupa. Bwanamkubwa anamuitana katatu konse popanda chifukwa. Bweretsa madzi, chotsa madzi, tembenuka tione diresi.

Chimene chandisangalatsa: NyaHara anandipatsa chambiko chodzaza kapu, cha m'chipanda chawo cha m'nyumba. Chokoma, cholimba, chonunkhira utsi pang'ono. Ndinamwa ndikuyang'ana Bwanamkubwa m'maso. Koma chodabwitsa, a Eston sanawapatse, pomwe munthuyu chambiko ndiye moyo wake. Mayiyo atangoyang'ana kumene a Eston anakhala, Bwanamkubwa anafulumira, "Uyu yayi." Onse anaseka chamumtima, Rachael n'kuthawira kukhitchini. Ine ndekha osadziwa choseketsa.

Lolemba, 10 Juni

Ndadziwa choseketsa.

Ndinafunsa Rhoda tikuyanika zovala. Anayamba wazungulirazungulira, kenako anati, "Flora mwana wa amama, ukufuna ndikuuze nadi?" Akuti kwa anthu amenewa mwamuna sadya chambiko cha pakhomo pamene akufuna kukwatirapo. Akangodya, ndiye kuti wadziyesa mwana wa pakhomopo, atsikana onse a pamenepo asanduka alongo ake, ukwati wafera pompo. Mlendo wamba ngati ine palibe kanthu, angamwe mpaka mimba kuphulika. N'chifukwa chake anandipatsa.

Ndiye ine ndinayenda m'matope, nditavala duku langa latsopano, kuperekeza mwamuna wanga kokaona mkazi. Ndinawombanso m'manja kuthokoza kapu ija!

Ndalira kubafa kuti asandimve. Nditatuluka misozi inali itatha, kwatsala ukali wokhawokha. A Eston sindikuwada. Munthu uja ndi wofatsa mopusa, mlongo wake akati khala amakhala, akati ima amaima. Zonsezi ndi za Bwanamkubwa. Akufuna andikweze basi ya ku Dowa ndi kabokosi kanga, anthu a kwathu azikandiloza kuti uyo wabwezedwa ndi Angoni. Mayi iwe, sunandidziwe.

Lachiwiri, 11 Juni

M'mawa ndikusefa tiyi ndinakumbukira dona wa ku mishoni kwathu, uja ankatiphunzitsa zophika tili atsikana. Mkaka ukasasa sankataya. Ankauthira m'kansalu, n'kupachika, mawa lake n'kusakaniza ndi mchere, n'kumapaka pa buledi. Ankati tchizi. Ife tinkaseka kuti azungu akudya mkaka wowola atauveka dzina.

Sefa inatsala pang'ono kundigwa m'manja.

Ndauza Bwanamkubwa kuti ndikupita ku msonkhano wa amayi. Ndinaphika masikono, kukulunga m'kansalu, ulendo wa ku Lupaso. NyaHara anandilandira bwino zedi, mwina ndi manyazi. Ndinati chambiko chanu chija chandikhala pamtima, m'mimba mwanga simulola china. Ndinanenetsa kuti ndikufuna cha m'chipanda chomwe chija, chimene amadya a Shaba ndi ana awo, osati chogulitsa. Anandidzazira chitini changa mpaka pakamwa. "Yewo chomene mwana wane, uzibwera." Ndizibwera ndithu, amayi.

Rachael anandinyamulira chitini mpaka pamsewu. Ali ndi khosi labwino, zimenezo sindingamunamizire.

Ndasiya chitini kwa Rhoda. Atamva zimene ndikufuna kuchita anagwira pakamwa, kenako anandibwereka beseni.

Lachitatu, 12 Juni

Ndilembe mmene ndachitira, mwina mawa ndidzaphunzitsa wina amene ali ndi mlamu.

Kathumba ka ufa wa tirigu, kochapa bwino ndi kuwiritsa kuti fungo la sopo lichoke. Kuthiramo chambiko, kumanga pakamwa ndi chingwe, kupachika pa msomali m'khitchini mwa Rhoda, beseni pansi. Madzi ake amadontha achikasu. Rhoda akuti asatayidwe, aphikira mandasi. Kuzizira kwa kuno kwandithandiza, kukanakhala kwathu mwezi wa Okutobala bwenzi chitawawa ngati ndulu. Chinagona chopachika kuyambira dzulo. Masana ano ndinachitsitsa, kuika pakati pa mbale ziwiri, pamwamba n'kusanjika ayironi ya makala kuti madzi otsala atuluke.

Pomasula, choyera mbee, cholimba ngati phala la dzulo. Ndinachiphwanya ndi foloko, kuthira mchere, kabatala pang'ono kuti chizipakika, masamba a anyezi odula tating'onoting'ono, ndi kambuzi mmodzi wosinja, wochotsa njere. Anyezi ndi tsabola ndiwo asilikali anga, ntchito yawo kubisa kafungo ka utsi ka chipanda cha NyaHara. Ndinakanda mpaka dzanja kuwawa.

Rhoda analawa, n'kutseka maso. Akuti, "Chikunowa, mwe! Kukoma kwake! Koma Flora, ukapsa kumoto." Ndati ndikapeza Bwanamkubwa atandisungira malo.

Ndachiika m'mbale yagalasi ija ya pa ukwati wathu, n'kusalaza pamwamba ndi mpeni.

Lachinayi, 13 Juni

Adya.

Tiyi wa madzulo, a Eston atangofika ku ofesi. Ndinadula buledi mopyapyala, kuwamba pamoto pang'ono, kupaka mokhuthala. Bwanamkubwa ananunkhiza, n'kufunsa kuti n'chivichi. Ndinati, "Ndi tchizi, alamu. Chakudya cha azungu." Sindinaname ngakhale liwu limodzi. Akanafunsa kumene chachokera sindikudziwa ndikanati chiyani, koma munthu wodziwa zonse safunsa.

A Eston anati anadyapo chotere pa phwando la Khirisimasi ku ofesi, cha m'chitini, koma ichi chaposa. "Very nice, Flora." Anatenga kachiwiri. Bwanamkubwa atamva kuti mabwana amadya, anayamba kudya chala chaching'ono chili m'mwamba.

Ndinkawayang'ana akutafuna. Meza, mlamu wanga, meza. Ng'ombe za a Shaba zikulowa m'nyumba ya a Thole, koma osati mmene unkafunira.

Lachisanu, 14 Juni

Pa mbatata yootcha, yong'amba pakati ikadali yotentha. Chimasungunuka pang'ono n'kulowa mkati. Ngakhale ine ndinaiwala kuti ndili pa nkhondo.

Loweruka, 15 Juni

M'mawa ndinawapakira pa chinangwa chophika. Bwanamkubwa akuti chinangwa n'cha Atonga, tchizi chimafuna buledi. Wasanduka katswiri.

Kenako wandiitana kuchipinda ngati wantchito. Akuti mawa a Shaba ndi akazi awo abwera kudzacheza, pamodzi ndi a Gideon, mkulu wina wa kwawo. Rhoda akuti a Gideon amenewa ndiwo thenga, munthu woyenda pakati pokamba za ukwati. Ndiye a Shaba abwera kudzaona nyumba imene mwana wawo adzakhalemo, makatani amene ndinasoka ine, maluwa amene ndinabzala ine. Ndipo ndiwaphikire ine! "Upange tiyi wa chizungu, mulamu, na tchizi chira. Aone kuti mdumbu wane ni munthu wa ofesi." Mdumbu ndiye mlongo m'chilankhulo chawo, ndipo akamalitchula amachita ngati anamuumba yekha.

Ndinagwada, n'kuti chabwino alamu. Anadabwa kufatsa kwanga.

Chitini chachiwiri ndinali nditatenga kale Lachinayi, chapachikidwa kwa Rhoda. Ulendo uno ndipanga mitundu iwiri. China cha anyezi ndi kambuzi, cha masangweji odula makona atatu ndi chothira m'matimati obowola pakati. China chopanda anyezi, chothira uchi, chopaka pa masikono. Anthu akabwera kudzakulanda nyumba, uwalandire bwino.

A Eston apita kokameta. Apempha malaya oyera aja ndiwasite kawiri. Wawatuma ndi mlongo wawo, ndikudziwa.

Lamulungu, 16 Juni

Ndilemba zonse ndisanaiwale.

Anafika dzuwa litapendeka. A Shaba m'jekete lakuda, NyaHara, ndi a Gideon ndi ndodo yawo. Rachael sanabwere naye. Ndinayala nsalu ya pathebulo yoluka m'mbali, makapu a maluwa, zonse. Ndinagwada pakhomo popereka moni ngati mkazi wophunzitsidwa bwino.

Bwanamkubwa ndiye anali mwini phwando. Ankayendetsa mbale yekha. "Ryani, ryani, ichi ni tchizi. Muno tikurya dazi lililonse." Anatembenukira kwa a Eston, "Asi nthena, mdumbu?" A Eston anavomera, sangweji ili m'kamwa, kuti masiku onsewa adya chimenechi, ndipo pa mbatata ndiye chimaposa. A Gideon anali atamaliza kale matimati atatu.

Ndinadikira a Eston ameze. Ndinadikiranso atenge sikono ya uchi, alume, anthu onse akuona. Kenako ndinasendera pafupi ndi NyaHara, ndili chogwada, n'kuwomba m'manja.

Ndinati, "Amayi, ndithokoze pamaso pa anthu. Alendo akuyamikira ine, koma mwini wake ndinu. Tchizi chonsechi ndi chambiko chanu chija munandipatsa, cha m'chipanda cha m'nyumba mwanu. Amuna anga achikonda kwambiri, sakulola tsiku kudutsa."

Kunja nkhuku ya Bwanamkubwa inkalira, ndipo ndinaimva bwinobwino.

NyaHara anaika kapu pansi n'kugwira kumutu. Bwanamkubwa analavulira m'dzanja, pamaso pa alendo, mayi wa ulemu wake. Kenako anayamba kukuwa, Chitumbuka ndi Chichewa ndi Chingerezi zonse pamodzi. Akuti ichi si chambiko, ichi ndi tchizi, chakudya cha azungu sichiwerengedwa pa mwambo. Akuti Mchewa uyu ndi mfiti. Akuti munthu akadya osadziwa palibe mlandu.

A Shaba sanakweze mawu. Anatenga mpeni, kupala pang'ono m'mbale ya uchi ija, kulawa. Anandifunsa ngati ndinachiphika pamoto. Ndinati ayi bambo. Ngati ndinasakaniza ndi mkaka wa kwina. Ndinati ayi, ndinangochotsa madzi n'kuthira mchere ndi uchi. Anayang'ana a Gideon, a Gideon anayang'ana pansi.

"Warya, warya," anatero a Shaba. Wadya, wadya basi. Anatembenukira kwa a Eston n'kunena m'Chichewa, kuti inenso ndimve, "Kuyambira lero ndiwe mwana wa m'nyumba mwanga. Nkhani ina ija yatha." Anatenga chipewa. A Gideon potuluka anatola sikono imodzi n'kuika m'thumba la jekete.

A Eston anakhala ndi theka la sikono m'dzanja mpaka alendo anazimiririka pamsewu.

Ndatsuka mbale ndikuimba nyimbo ya m'buku. Sindinamvepo kukoma kotere chibadwire, ndipo sindikupepesa kwa aliyense.

Lachiwiri, 18 Juni

Bwanamkubwa wapita! Wakwera basi ya m'mawa, sutikesi pamutu, chipanda m'khwapa. Dzulo lonse sanadye cha m'manja mwanga, anadziphikira yekha panja, nkhuku yake ija n'kuipha osagawirako munthu. Potsanzika anauza khoma kuti Mchewa akhale ndi nyumba yake yopanda ana. Ndinamufunsa ngati ndimupakire masangweji a panjira.

Ndatsegula mawindo onse ngakhale kukuzizira. Rhoda wabwera, tadya chotsala chija ndi nthochi zootcha, taseka mpaka m'nthiti kuwawa. Akuti nkhani yafika kale ku Chiputula, amayi ena akufuna ndikawaphunzitse. Onse ali ndi alamu.

Lachinayi, 20 Juni

A Eston sakulankhula. Sakukalipa, bola akanakalipa. Amadzuka, kusamba, kupita ku ofesi, kubwera, kukhala. Ndawapakira buledi, akankhira mbale pambali, amwa tiyi yekha. Ndinati, "Bambo, mlongo wanu wapita, pumani tsopano, palibenso wokukokani ndi chingwe." Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuti, "Flora, please."

Ndi manyazi chabe. Mwamuna aliyense angachite manyazi atapusitsidwa pamaso pa akuluakulu. Zitha.

Loweruka, 22 Juni

Masana ndikuchapa ndinamva odi. A Shaba, njinga yawo ya mkaka ili m'manja, pakaliyala atamangapo bokosi lachitsulo. Kumbuyo kwawo Rachael, atanyamula mphasa yopinda.

A Eston anali ataweruka hafu, ali m'nyumba. Anatuluka, n'kuima pakhomo.

A Shaba anakana mpando. Akuti mwanayu wapeza malo ophunzira zosoka m'tauni muno, ndipo kuchokera ku Lupaso tsiku ndi tsiku n'kutali, mvula yake ino. Kale sakanatha kumusiya m'nyumba ya mwamuna wachilendo, anthu akananena. "Koma tsopano ali ndi mdumbu wake m'tauni, wa ofesi, wa nyumba ya boma. Mwana angagone kuti kuposa kwa mlongo wake?" Polankhula sankayang'ana a Eston. Ankayang'ana ine, nkhope ili phee, mopanda kuseka. "Mwatipanga ŵabale ndimwe, mama. Yewo chomene."

Ndikanakana bwanji? Ubalewo ndinaupachika ndekha pa msomali, n'kuuthira mchere.

Ndinaganiza kuti palibe kanthu, mlongo ndi mlongo, mwambo wawo womwewo undilondera nyumba. Ndinatembenuka kuti ndione a Eston, mwina tisekere limodzi m'maso.

Sankandiona n'komwe. Ankayang'ana mtsikanayo, ndipo chikwatire sanandiyang'anepo ine choncho. Rachael anagwada pa matope paja n'kupereka moni maso ali pansi, "Monire, adumbu." Milomo ya a Eston inayenda kawiri popanda mawu. Kachitatu ndi pamene anati, "Njira, mdumbu wane." Lowa, mlongo wanga. Liwu lake silinali lawo.

Anamasula bokosi panjinga, kulilowetsa kuchipinda chimene munkagona mlongo wawo weniweni, n'kutulukira khomo la kuseri. A Shaba atapita ndinawatsatira. Ndinawapeza kuseri kwa khitchini, pa mulu wa nkhuni, nkhope ili m'manja, mapewa akugwedezeka. Mwamuna amene sanalire pa maliro a mayi ake.

Ndinati, "Bambo, si Marjorie anakusankhirani?"

Anapukusa mutu osadzutsa nkhope.

Ndinaima pamenepo, sopo akuuma m'manja. Kenako ndinamva mtsikana uja akuitana m'nyumba, mwaulemu, ndi mawu aang'ono, "Alamu, madzi akumwa mumasunga pati?"

Ndapita kukamuonetsa.